A Makomo Adzitsekera Kunja

Nkhani iyi anandiuza ndi bambo wina wadazi, wokoka mawaya a intaneti m'madenga a anthu, amene anzake amangomutchula kuti a Makwerero poti sayenda popanda makwerero paphewa. Tinakumana pakhonde la sitolo ina tikubisala mvula, iwo ndi makwerero awo, ine ndi kachikwama kanga. Ine miyendo yanga sidziwa kukhala malo amodzi, koma makutu anga amadziwa kudikira. Mvula itakana kukata, iwo anayamba kundisimbira za alamu awo. Ndikuipereka monga ndinailandirira, kungoti mwina ndi mwina ndawazamo mchere wanga.

Alamu awowo, amene anakwatira mlongo wawo, ankatchedwa a Makomo. Awiriwa ankagwira ntchito pakakampani kamodzi, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, koma ntchito zawo zinali zotalikirana ngati mutu ndi phazi. A Makwerero ankaswera kudenga, m'fumbi ndi m'zitosi za mileme. A Makomo ankaswera pampando wozungulira.

Mu ofesi kapena m'sitolo iliyonse yokhala ndi makompyuta mumakhala kabokosi kophethira timagetsi, kamene amati rauta. Uthenga uliwonse, wolowa kapena wotuluka, umadzera mmenemo. Koma kabokosiko n'kopepera, sikadziwa kanthu pokhapokha munthu atakalembera. Ndiye a Makomo ankakalembera. Chinthu chilichonse, kaya pulinta, kaya kamera, kaya kompyuta ya pakauntala, chili ndi polowera pake. Amisiri amati poti, koma iwo ankati khomo, mpaka dzinalo linawamatirira. Khomo lililonse ankalilembera mzere wakewake, ndipo mzerewo unali wosanjikiza ngati nyumba yam'mwamba: poyamba waya umene uthenga udzere, kenako adiresi ya makina, kenako nambala ya khomo, pamwamba penipeni dzina la ntchito imene ikudikira mkatimo, timizere topendeka tikulekanitsa gawo ndi linzake.

"Nyumba siyambira kudenga," ankatero a Makomo. Chinthu chikavuta, ngakhale bwana wamkulu ataimba foni akutuluka thukuta, funso lawo loyamba linali lomwelo: "Waya uli m'malo mwake?" Pansi pakakhala bwino, m'pamene ankakwera gawo lotsatira. Kulumpha ayi. Ndipo kumapeto kwa mizere yawo yonse ankaikako lamulo limodzi limene ankalinyadira kwambiri: chimene sichinalembedwe pamwambapa, chisalowe.

Chowakomera pantchitoyi chinali chakuti zonse ankachitira patali. Kabokosi kalikonse ankakasiyira khomo limodzi la mmisiri, lolowera iwo eni ali khale pampando. Ankathanso kugogoda, kutumiza kauthenga kakang'ono kongofunsa kuti muliko, kabokosi n'kuyankha kuti ndiliko. Tauni yonse ankaizungulira m'mawa uliwonse tiyi asanazizire.

Akazi awo anali ndi shopu ya fotokope ndi kupulinta kutsidya kwa tauni, kufupi ndi maofesi kumene anthu amafola ndi ziphaso m'manja. Kabokosi ka kumeneko anakaika okha a Makomo tsiku lotsegulira shopuyo, ana asanakule n'kuchoka pakhomo. Anakaika pamwamba penipeni pa shelefu ya mapepala, ati kumwambako mphamvu yake imafika patali. Chiikireni, phazi lawo silinapondenso m'shopumo. Akapondemo chifukwa chiyani, zonse akuziona ali pampando? M'mawa akagogoda, kabokosi n'kuyankha, ankadziwa kuti mayi afika bwino, ayatsa magetsi. Madzulo kakati zii, ankadziwa kuti atseka, iwo n'kufulumira kunyumba kukateleka madzi. Mumtima mwawo chimenecho chinali chikondi chosamalika bwino, chopanda phokoso.

Tsiku lina masana kabokosi kaja kanasiya kuyankha. A Makomo anatumiza uthenga pafoni: "Zimitsani, muyatsenso." Zinali za masiku onse zimenezo. Posakhalitsa kanayankha, iwo n'kulemba kuti, "Mwakhoza," n'kupitiriza zina. Chimene kabokosi sikananene n'chakuti mayiwo atangoyatsa, kampando kamene anakwerapo kanathyoka mwendo, iwo n'kugwera dzanja lamanja. Anawatengera kuchipatala ndi wometa tsitsi woyandikana nawo. Shopu inatsala yoyaka magetsi, kabokosi kakuyankha mosangalala mpaka madzulo pamene wometayo anabwera kudzazimitsa ndi kutseka.

Mayi analowa m'nyumba dzanja litamangidwa chikhakha choyera, lokolekedwa m'khosi. A Makomo anali pakompyuta, msana ataulozetsa kukhomo.

"Mwaswera, mayi? Lero kwanu kwayenda bwino zedi," anatero osacheuka. "Ndakhala ndikuona. Chiyatsireni muja kabokosi sikanaphonye n'kamodzi komwe."

Mayi anaima pakhomopo akuyang'ana nkhongo ya amuna awo. Anadikira. Nkhongoyo sinatembenuke. Ndiye analowa kuchipinda, analongedza chikwama ndi dzanja limodzi lomwelo, ulendo wa kwa achimwene awo, a Makwerero. A Makomo anachiona chikhakhacho chikutuluka pageti.

M'mawa mwake a Makwerero anafika kuntchito akuimba mluzu, n'kuyedzeka makwerero pakhoma.

"Alamu, mwadzuka bwanji inu ndi ana anu a m'mabokosi?"

"Tadzuka. Mayi ali bwanji?"

"Gogodani, akuyankhani."

"Alamu, nkhani imeneyi si yoseka."

"Ine ndaseka? Ndingoti mlendo ali kwangayo akudya ndi dzanja lamanzere, ndipo akamva dzina lanu amatafuna mwamphamvu."

A Makomo anaimba foni, sinayankhidwe. Analemba uthenga wautali wopepesa, mfundo zake zosanjikiza bwinobwino, koma unangowerengedwa basi. Kupita kwa alamu awo ankaopa. Akayambira pati? Munthu wodziwa polowera pa makina a tauni yonse sankadziwa polowera pa akazi ake. Chimene chinawatsalira ndi kugogoda kuja. Patapita masiku mayi anayambanso kutsegula shopu, ndi dzanja limodzi lomwelo, ndipo m'mawa uliwonse kabokosi kankayankha. A Makomo ankaliyang'ana yankholo nthawi yaitali, ngati munthu woyang'ana nyali ya m'nyumba imene anamupirikitsamo. Mantha awo anali amodzi: kuti mayi azolowera kwa achimwene awo, chikwama chija n'kupachikidwa pamsomali, osadzabwereranso.

Tsono a Makomo anaganiza zopepesa m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Mizere ya kabokosi ka kushopu inali yakalekale, yolembedwa iwo akadali ndi tsitsi lakuda, yodzaza makomo a makina amene anafa n'kutayidwa. Anati aikonze yonse, kabokosi kasadzagonenso, mayi asadzakwerenso pampando. Anavula jekete. Analowa pakhomo lawo la mmisiri n'kuyamba. Mzere wa pulinta yaikulu, kuyambira waya mpaka ntchito. Mzere wa pulinta ya zithunzi. Wa kompyuta ya pakauntala, wa kamera, wa makasitomala otumiza zikalata kuchokera m'mafoni awo. Anaiwerenga chotsika, anaiwerenga chokwera. Inali yowongoka ngati yosita. Pansi pake anaikapo lamulo lawo lija. Kenako anatuluka kukasamba m'maso, monga ankachitira asanadine chinthu chachikulu, kusiya a Makwerero akukulunga waya pakona. Atabwerera anakhala pansi, anapuma mozama, n'kudina.

Kompyuta yawo inangouma gwa. Anadinanso. Zii. Anagogoda. Zii.

Anayambira pansi, monga mwa chizolowezi. Waya wawo unali m'malo mwake. Adiresi inali yomweyo. Atafika pagawo la makomo, thukuta linayamba pamphuno. Panali khomo la chinthu chilichonse cha m'shopumo, kupatula khomo la mmisiri, lolowera iwo eni. Ngakhale la kugogoda panalibe. Kabokosi kanamvera lamulo ndi mtima wonse, ndipo munthu woyamba kumutsekera kunja anali mwini lamulo.

A Makwerero anabwera kudzasuzumira paphewa pawo. Atamvetsa, anakhala pampukutu wa waya akufa ndi phwete.

"Alamu! Mwamanga nyumba, mwakhoma mazenera, mwakiya, makiyi n'kuwaponyera mkati, inu muli pabwalo!"

"Tsitsani mawu."

"Shopu yafa?"

"Shopu ili bwino. Zonse zikuyenda, mwina kuposa kale. Amene sakulowa ndine ndekha."

"Ndiye vuto lili pati? Achemwali akhala akufuna zomwezo masiku onsewa, inu mwawachitira ulere."

Njira inalipo imodzi yokha, yodziwika kwa mmisiri aliyense: pamwamba pakakanika, tsikira pansi. Munthu apite ndi miyendo, alumikize waya wake m'kabokosi momwemo, alembe khomo loiwalikalo.

"Alamu," a Makomo anafewetsa mawu, "inu mumadutsa komweko. Ndikulemberani papepala, ndi kamzere kafupifupi..."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndimakoka waya, za mizere sindizidziwa."

"Mumazidziwa inu."

"Lero ndaziiwala. Kuiwala kwafala mu ofesi muno."

"Mayi akandiona ang'anima."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Nyamukani."

Sananyamuke tsiku limenelo. Koma m'mawa mwake, chala chinagogoda chokha mwa chizolowezi, ndipo kunali zii. Kodi mayi afika? Atsegula? Nanga ngati agwanso? Tauni yonse inayankha kuti iliko, kupatula kumene iwo ankafuna. Tiyi anazizira m'kapu. Anaika laputopu ndi waya wake m'chikwama, n'kutsika masitepe.

Basi inawatsitsa pamalo pamene ankakumbukira kuti pali mtengo waukulu, koma anapeza pali malo otsukira galimoto. Shopu ya akazi awo anaidutsa kawiri konse, poti chitseko chimene ankachidziwa chofiira chinali chobiriwira, pamwamba pake chikwangwani chimene anali asanachionepo. Wometa tsitsi uja, ataima pakhomo pake ndi chipeso m'manja, anawamvera chisoni.

"Mukufuna kwa ndani, bambo?"

"Kwa akazi anga. A fotokope."

"Ooo! Ndinu inuyo?" Wometayo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Pepani. Ifetu timayesa mayiwa ndi amasiye."

M'shopumo munali mothina, mukununkha mapepala ofunda. Anthu anali atafola mpaka pakhomo, aliyense ndi envulopu yake. Mayi anali kuseri kwa kauntala, akulimbana ndi sitepula, akuikanikiza ndi chigongono. Atakweza maso sanadabwe.

"Takulandirani, akasitomala. Fotokope kapena kupulinta?"

"Mayi, ndine."

"Ndaona kuti ndinu. Nkhope ndikuikumbukira, kungoti ndinazolowera nkhongo. Mwabwera kudzaona ndani, ine kapena mwana wanu wa pashelefu?"

A Makomo sankatha kunama, ndipo limenelo linali tsoka lawo. "Ndadzitsekera kunja," anatero. Anafotokoza zonse, kuyambira pansi, pamaso pa anthu onsewo. Mayi anafuna kuseka, koma anadzigwira msanga.

"Kani zilipo zitseko zimene zimakukanani? Kwerani. Kali pomwe munakasiya."

A Makomo anayang'ana kumwamba. Shelefu inali yofika kudenga, yodzaza mitolo ya mapepala, ndipo kabokosi kankaphethira uko, m'fumbi, pafupi ndi babu. Pansi pake panali kampando kaja, mwendo wake utamangidwa ndi chingwe. Anaponda. Kanalira. Anakwera, ananyanyamphira, nsonga za zala zokha n'zimene zinakhudza kabokosiko, chonsecho iwo anali aatali kuposa akazi awo ndi mutu wathunthu. Anaima pamenepo, dzanja lina litagwira shelefu, kampando kakugwedezeka pansi pawo, n'kukumbukira nthawi zonse zimene analemba kuti "zimitsani, muyatsenso", ndi chala chimodzi, dzanja lina lili pakapu. Anatsika osachita kanthu.

"Mwatsikiranji?" anafunsa mayi. "Waya suli m'malo mwake?"

"Ndayambira kudenga," anatero a Makomo. Analowetsa chikwama chawo pansi pa kauntala. "Dzanja lili bwanji?"

Mayi anatembenuza pepala lina, n'kulitembenuzanso.

"Ayankheni, amayi," anatero bambo wina wachipewa amene anali kutsogolo. "Ife tidikira. Kumaofesiko tikadikiranso."

"Limayabwa mkati," anatero mayi, maso ali papepala.

"Tulo mukupeza?"

"Ndikagonera mbali imodzi."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati mafupa a munthu wamkulu safulumira."

"Mitolo iyi amakutsitsirani ndani?"

"Amene wandimvera chisoni."

"Nanga tsitsi? Amakumangani ndani?"

Apo mayi anakweza maso. "Akazi a achimwene. Amakoka ngati akuzula udzu."

A Makomo anapitiriza chomwecho, funso pamwamba pa funso, osalumpha. Mayankho anayamba aafupi, kenako anayamba kutalika, mpaka mayi anafotokoza momwe denga linazungulirira atagwa, ndi momwe foni yawo inalirira m'thumba iwo ali gone pansi, atatsegula n'kupeza mawu akuti "Mwakhoza". A Makomo sanadziteteze. Anangoyang'ana kampando kaja.

"Mafunso akwana," anatero mayi pomaliza, n'kuwakankhira sitepula. "Manja muli nawo awiri."

A Makomo anagwira ntchito tsiku lonse, ndipo anaigwira moipa. Chiphaso cha bambo wachipewa anachijambula chozondoka. Mapepala anawatsamwitsa m'pulinta, inki n'kuwadetsa malaya mpaka m'chigongono. Munthu amene ankadziwa nambala ya khomo la pulintayo pamtima sankadziwa potsegulira chivindikiro chake.

"Amayi, wantchito watsopanoyu mwamutola kuti?" anafunsa mayi wina wobereka mwana.

"Akadali pamayeso. Musamukalipire, amachita mantha ndi anthu."

Dzuwa litapendeka, anthu atachepa, a Makomo anapita kukabwereka mpando wolimba kwa wometa uja. Anatsitsa kabokosi, anakapukuta fumbi, anasuntha mawaya ake, n'kukakhazika pashelefu ya m'munsi pafupi ndi kauntala, pofika dzanja la munthu ali chikhalire. Kampando kothyoka kaja anakatulutsa panja. Atatero anatulutsa laputopu, n'kumasula waya wake.

Mayi anaika dzanja lawo labwinolo pa laputopuyo.

"Mukufuna kulemba chiyani?"

"Khomo langa lija. Ndi mzere umodzi wokha."

"Makina akuvuta?"

"Ayi."

"Makasitomala adandaula?"

"Ayi."

"Ndiye lisiyeni. Shopu ino ili ndi khomo lanu kale, lomwe mwalowera m'mawa lija. Ndi lobiriwira, mwaliona tsopano. Mukafuna kudziwa ngati ndili moyo, muzidzera pamenepo."

A Makomo anayang'ana waya uli m'manja mwawo. Kabowo kolumikizira kanali pomwepo, pafupi ndi chala chawo. Kwa mmisiri ngati iwo, kusiya kabokosi kamene sangalowemo kuli ngati kuyenda ndi mwala m'nsapato moyo wonse. Anaukulunga wayawo pang'onopang'ono, n'kuubwezera m'chikwama.

"Nanga kunyumba?" anafunsa chapansipansi.

"Musalumphe magawo, bambo. Si inu mumati nyumba siyambira kudenga? Lero tsitsani chitseko chachitsulochi, mundinyamulire chikwama mpaka kwa achimwene. Za mawa tiona mawa."

A Makomo anatsitsa chitsekocho, chinawapana chala, wometa tsitsi n'kuwaonetsa pogwira. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Chikhakha chisanachotsedwe, chikwama chachikulu chija chinabwerera kunyumba, chili paphewa pa a Makomo. Mpaka lero, anatero a Makwerero, m'tauni yonseyo muli kabokosi kamodzi kamene sikawayankha alamu awo, ndipo nthawi yoweruka ikakwana mumawaona bambo wamkulu akuthamangira basi, jekete ili m'manja.

Mvula inakata a Makwerero akupukuta misozi ya phwete. Ndinawafunsa ngati alamu awowo anaiwalapo khomo kwina kulikonse. Anati ayi, chiyambireni ntchito, n'kamodzi komwe. Ndinafunsanso kuti m'chipinda muja munatsala ndani pamene a Makomo anatuluka kukasamba m'maso. Iwo anayang'ana kumwamba, anati mitambo yapita, n'kunyamula makwerero awo.

Ine ndayenda, ndamva nkhani zambiri, zoona ndi zokometsera. Za kampando ndi chikhakha ndikuzivomera. Koma zoti munthu wowerenga mizere yake chotsika ndi chokwera anaiwala khomo lake lomwe, zimenezo sindikuzikhulupirira. Ndikuganiza kuti mzere uja unalembedwa, wina n'kuufufuta. Kaya ndi chala cha mwini wake, kaya ndi cha mlamu wadazi, sindikudziwa.